Kutsata madzi a ku Chawama mpaka ku Kafue

Ndinafika ku Chawama mvula itangokata, nsapato zili m'manja. Minibasi yochokera m'tauni inatitsitsira patali ndi pamene imaima masiku onse, kondakitala atanena kuti kutsogoloko kwadzaza manzi, monga amatchulira madzi anthu a mu Lusaka. Tinayenda mondondozana pa njerwa ndi matumba a mchenga amene anthu anandanda m'njira, patsogolo panga mayi wosenza thumba la makala, ine pambuyo ndi chikwama chimene ndinanyamuka nacho ku Katete mbandakucha. Unali mwezi wa February, kumudzi chimanga chikumasula ngayaye.

Azakhali anga anakhazikika ku Chawama ine ndisanabadwe. Anandiona ndikadali pa geti, nandiimitsa pomwepo ndi dzanja.

"Wayenda bwanji, mwana wa achimwene? Usalowe kaye. Tenga sopoyo usambe m'miyendo. Madzi wapondawo si a mvula yokha."

Pa khoma la nyumba yawo pali mzere wakuda wofika m'mawondo, pamene madzi analekezera chaka china, ndipo pakhomo anamangapo kakhoma ka njerwa ziwiri kamene aliyense amadumpha polowa. Usiku umenewo, tikudya nsima ya chibwabwa chotendera, ndinafunsa funso limene linandiyendetsa masiku atatu otsatira: madzi onsewa akaphwa amakhala atapita kuti? Anandiyankha ndi msuweni wanga, mwana womaliza wa azakhali, mtsikana amene akuphunzira za madzi ku yunivesite.

"Ambiri sapita kutali, asuweni. Amalowa pansi pomwe pano. Otsalawo tikawatsate mawa, ngati miyendo muli nayo."

Lusaka anamangidwa pamtunda wathyathyathya, ndipo pansi pa mbali yaikulu ya mzindawu pali mwala wa laimu. Mwala umenewu madzi amaudya pang'onopang'ono n'kusiyamo ming'alu ndi mapanga. Dothi la pamwamba pake n'lochepa, malo ena ukangokumba kufika m'chiuno khasu lalira. Dzinja likakhwima madzi a pansi amakwera mpaka kukumana ndi maenje a zimbudzi. Anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse a mumzindawu amakhala m'makomboni, ndipo mapaipi onyamula zonyansa amafika kwa anthu osakwana mmodzi mwa asanu. Ena onse ndi a dzenje. Kumudzi, kumene dothi n'lakuya, nthaka imasefa za m'chimbudzi zisanafike patali. Kuno mng'alu umazinyamula momwe zililimo n'kukazitula m'chitsime cha mnansi.

Zotsatira zake azakhali amaziwerengera pa maliro. Kolera imene inayamba mu October 2017 inadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka mokha. Ina inabuka mu October 2023 n'kulowa nayo mu 2024, ndipo m'dziko lonse odwala anaposa 20,000, omwalira anaposa 700. Bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala, masukulu n'kukhala otseka mpaka pa 12 February. Azakhali anatchula nyumba zitatu za mumzere wawo zimene zinalira chaka chimenecho, kenaka anatola mbale n'kutuluka nazo panja osanenanso kanthu.

Kutacha tinalowera cha ku Misisi, ku damu la Ngwenya. Dzina lakuti damu lingakunamizeni. Ndi chidzenje chimene anthu anakumbamo miyala yomangira mzinda, madzi a pansi n'kudzazamo. M'njira tinadutsa amayi okhala pansi miyendo itatambasulidwa, akuswa miyala ndi hamala, milu ya miyala yoswaswa ili pambali kudikira wogula. Madzi a m'damumo anali obiriwira ngati msuzi wa therere, mabotolo ndi mapepala a pulasitiki zikuyandama m'mbali. Koma pakona ina, pamene kangalande kochokera m'nyumba za anthu kamathira, panamera bango ndi njedza zothithikana, zazitali kuposa munthu. Palibe anazibzala. Msuweni anandikoka dzanja kuti ndione madzi polowa m'bangomo ndi potuluka. Polowa anali otuwa, a thovu la sopo. Potuluka, mapazi khumi okha kutsogolo, ndinkatha kuona timiyala ta pansi.

"Osawakhulupirira, samwedwa," anatero. "Koma mwaona kuti pali amene akugwira ntchito pamenepa popanda malipiro."

Anandifotokozera kuti m'madzi oipa muli adani a mitundu iwiri. Woyamba ndi tizilombo toyambitsa matenda, timene aliyense wa ku Chawama amatidziwa ndi kutiopa. Wachiwiri sadwalitsa msanga, choncho sakambidwa pa wailesi. Ndi chakudya cha zomera, nayitirojeni ndi fosiforasi. Ine mlimi wa ku Katete mayina amenewa ndimawadziwira pa thumba la feteleza. Pa thumba la D Compound pamalembedwa 10-20-10, ndipo manambala awiri oyambawo ndi a zinthu ziwiri zomwezi. Yuriya wobereketsa uja pafupifupi theka lake ndi nayitirojeni. Zomwezo zili mumkodzo wa munthu, m'chimbudzi, m'madzi otsukira mbale, ngakhale mu sopo wina wa ufa. Chimene timalirira mtengo wake mwezi wa November, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni umachitaya tsiku ndi tsiku m'ngalande.

Feteleza akagwera m'munda amakulitsa chimanga. Akagwera m'madzi odekha, m'damu kapena m'nyanja, amakulitsa ndere ndi udzu woyandama. Nderezo masana zimatulutsa mpweya wabwino, koma usiku zimaupuma, ndipo zikafa n'kumira zimaola ndi mpweya womwewo umene nsomba zimadalira. Tsiku lina asodzi amangopeza nsomba zili gada pamwamba pa madzi. Pansi pa nthaka namonso nayitirojeni sasowa chochita. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a nayitireti, mtundu wina wa nayitirojeni, pa lita imodzi, makamaka chifukwa cha makanda, ndipo zitsime zambiri zosazama za m'makomboni a Lusaka zinapezekapo zitadumpha malire amenewo.

Nditaima pamenepo ndinakumbukira dambo la kwathu. Khola la ng'ombe la agogo aamuna linali kumtunda, chitsime cha mudzi kumunsi, pakati pake dambo la bango, mlulu ndi tsekera. Mvula ikagwa, madzi ochokera kukhola ankatsika ofiira, a fungo la ndowe, n'kulowa m'dambomo. Kuchitsime ankatuluka oyera, ozizira, ndipo chitsimecho sichinkaphwa ngakhale mu October. Agogo aakazi ankaletsa zinthu ziwiri, kutentha dambo ndi kulima mpaka m'kati mwake. Bango lolukira mphasa ankadula chilimwe, mbali imodzi chaka chino, mbali ina chaka chamawa. Sindinawamvepo akufotokoza chifukwa chake, ankangoti ndi mmene anapezera. Lero dambo lija ndi madimba a tomato ndi maenje oumbira njerwa, ndipo chitsime chimaphwa mwezi wa August usanathe. Ndinauza msuweni nkhaniyi. Iye anangoti, "Ndiye mukudziwa kale zimene ndikukakuonetsani."

Madzi a mu Lusaka amagawikana ngati a padenga la nyumba. Ena amatsikira kumpoto, mumtsinje wa Ngwerere, umene umathira mu Chongwe, Chongwe n'kukathira mu Zambezi. Ena amalowera kumadzulo kudzera mu Chunga ndi Mwembeshi mpaka ku Kafue. A kum'mwera, kumene kuli Chawama, ambiri amalowa pansi, ndipo otsala amalunjikanso ku Kafue. Tsiku lachiwiri tinayamba ndi a kumpoto, chifukwa n'kumene kumathera zonyansa za nyumba zokhala ndi mapaipi.

Tinakwera minibasi ziwiri, ya m'tauni kenaka ya ku Garden. Kufupi ndi kumeneko kuli malo oyeretsera madzi oipa a Manchinchi, amene anamangidwa mzinda ukadali waung'ono, ndi maiwe akuluakulu amene madziwo amapumiramo asanatuluke. Maiwe otere aliponso ku Ngwerere, ku Kaunda Square, ku Matero ndi ku Chelston. Ntchito yake n'njosavuta kumva: zolemera zimamira, dzuwa limapha tizilombo tina, ndere ndi mabakiteriya zimadya zotsala. Koma iwe lotere silichotsa feteleza yense. Pansi pa ndondomeko ya Lusaka Sanitation Program, imene inathandizidwa ndi mabanki akunja monga World Bank ndi African Development Bank, pakonzedwa zomanga malo atsopano oyeretsera madzi ku Ngwerere ndi ku Chunga. Zimenezo n'zofunika, ndipo palibe bango limene lingalowe m'malo mwake.

Tinatsata mtsinje wa Ngwerere kutuluka m'tauni mpaka kumene nyumba zimayamba kutalikirana. Kumeneko n'kumadimba. Repu, chayinizi, mpiru, masamba ake aakulu obiriwira bii, oti mlimi aliyense angasirire. Mayi wina wachikulire ankathirira ndi kheni, chitenje atachikwinya m'mawondo. Titapatsana moni ndinamufunsa feteleza amene amathira.

"Feteleza wa chani, atate? Manzi aya ndiye feteleza. Ine thumba sindinagulepo."

Ananena monyadira, ndipo sanali kunama. Ndiwo zimenezo anaphunzitsira nazo ana, ndipo m'mawa uliwonse zimakwera galimoto kupita kumisika ya m'tauni. Mtima wanga unagawikana. Mayiyu akuchita chimene mzinda wonse unalephera, kubweza feteleza m'nthaka m'malo momutaya mumtsinje. Komanso amaima m'madzi amenewo tsiku lonse opanda majombo, ndipo madziwo amagwera pa masamba amene wina akadye osapsa bwino. Chimene ndinalakalaka pamenepo n'chakuti pakati pa paipi ndi dimba lake pakhale china chosefa.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, msuweni n'kutola kamtengo kujambula pansi. Dambo lochita kupanga, anatero, limayamba ndi thanki yoti zolemera zimire, apo ayi zonse zitsekeka chaka chisanathe. Kenaka mumakumba dzenje lotambalala, losazama, lofika cha m'mawondo kapena kupitirira pang'ono. Pansi mumayala pulasitiki yolimba kapena dongo lotsendera bwino kuti madzi asalowe m'nthaka. Mumadzazamo miyala yoswaswa, n'kubzalamo bango, njedza, gumbwa kapena vetiva. Madzi oipa amalowa mbali imodzi, amayenda pang'onopang'ono pakati pa miyala ndi mizu kwa masiku angapo, n'kutulukira mbali inayo. Mtundu umenewu madzi amayenda pansi pa miyala osaonekera, choncho udzudzu ulibe poikira mazira, fungonso limachepa. Pali mtundu wina wa madzi oonekera ngati dambo lenileni, woyenera kutali ndi nyumba za anthu.

Anathyola phesi la bango m'mbali mwa mtsinje n'kundipatsa kuti ndione m'kati. Munali mphako. Tinkapanga zitoliro ndi mphako imeneyo tili ana, koma sindinkadziwa ntchito yake. Zomera za m'dambo zimatsitsa mpweya kuchokera m'masamba kupita kumizu imene ili m'matope, ndipo wina umatuluka pang'ono kuzungulira muzu. Pamenepo pamakhala mabakiteriya okonda mpweya, amene amasandutsa amoniya wa mumkodzo kukhala nayitireti. Pataliko pang'ono ndi muzu, m'matope mopanda mpweya, muli mabakiteriya ena amene amatenga nayitiretiyo n'kumusandutsa mpweya wa nayitirojeni, umene umakwera kumwamba. Mpweya umenewo ndi womwe wadzaza kale mlengalenga, pafupifupi magawo 78 pa 100 alionse, ndipo suvulaza kanthu. Ntchito yaikulu amagwira ndi mabakiteriya. Bango limawapatsa pokhala ndi popumira.

Fosiforasi ndiye wamakani. Alibe njira yothawira kumwamba. Amakakamira pa dothi ndi pa miyala yokhala ndi ayironi kapena laimu, wina pang'ono n'kulowa m'thupi la chomera. Zaka zikapita miyala ija imakhuta, osalandiranso wina, ndipo imafunika kusintha. Chomera nachonso chikafa n'kuolera momwemo chimabweza zonse zimene chinadya. Dambo lopanga limafuna womweta, wodula bango n'kulichotsa, monga ankachitira agogo chilimwe. Apa ndinaseka ndi chimwemwe, chifukwa maphunziro a ku yunivesite anali atakumana ndi mpeni wa agogo wodulira bango.

Amene anayamba kuyesa zimenezi mwa sayansi ndi mayi wa ku Germany, Käthe Seidel, m'zaka za m'ma 1950. Iye ankabzala udzu wa m'madzi wofanana ndi mlulu m'madzi oipa n'kumayeza zotuluka. Lero midzi yambiri ya ku Ulaya imayeretsa madzi ake motero. Ku Hungary anaumitsa dambo limene linali pamene mtsinje wa Zala umathira m'nyanja ya Balaton. Nyanjayo itayamba kubiriwira ndi ndere anabwezeretsamo madzi m'dambo lija, gawo loyamba mu 1985, kuti mtsinje uzisiya katundu wake usanafike m'nyanja. Pafupi ndi ife, ku Kampala, dambo la gumbwa la Nakivubo lakhala likusefa madzi a mzinda asanalowe m'nyanja ya Victoria, kufupi ndi kumene mzindawo umatunga madzi akumwa, ngakhale minda ndi nyumba zalidya kwambiri.

Tsiku lachitatu tinatsika ndi msewu wa Kafue. Tinadutsa Chilanga ndi fakitale yake ya simenti, kenaka Shimabala, mapiri ang'onoang'ono atavala msipu wa dzinja. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 50. Mapaipi aakulu amene amakweza madzi kuchokera ku Iolanda, m'mbali mwa Kafue, kupita ku Lusaka amatsata njira yomweyi mobwerera. Gawo lina la madzi a m'mipopi ya mumzinda limachokera kumeneko, lotsalalo m'zitsime zakuya za mumzinda momwemo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Zimene timatsitsira ku Kafue timakumana nazonso pampopi, ndipo mtengo woziyeretsa umalowa mu bilu.

Tinatsikira pafupi ndi mlatho wa msewu. Mtsinje apa ndi wotakata, wodekha ngati nyanja, chifukwa kumunsi kwake kuli damu la Kafue Gorge, limene linamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti lizipanga magetsi. Kumtunda kuli chigwa cha Kafue Flats, dambo la masikweya kilomita pafupifupi 6,500, loyambira ku damu la Itezhi-Tezhi, kwawo kwa mphoyo za m'madzi zotchedwa lechwe ndi ng'ombe za Aila ndi Atonga. M'mbali mwa mtsinje munali zisumbu zoyandama za udzu wa masamba onyezimira ndi maluwa ofiirira, okongola moti mwana angathyole kukapatsa mayi ake. Kuno amautchula kuti Kafue weed. Abale athu a ku Malawi amati namasupuni, poona masamba ake.

Bambo wina wa imvi ankasoka ukonde pafupi ndi bwato lake. Tinamupatsa moni n'kukhala pa mwala. Nditaloza udzuwo anapukusa mutu.

"Uwu ndi wochepa, mwana wanga. Panali zaka zina kuno sunkaona madzi. Mbalame zinkayenda pansi kuchoka tsidya lino kufika tsidya lija. Bwato ukakankha, ilo likubwerera. Ukonde ukaponya, ukukoka udzu."

Zaka zimene ankanenazo ndi za m'ma 1990. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo m'madzi okhuta feteleza amatha kuwirikiza kawiri m'milungu iwiri yokha. Anatseka mtsinje cha pa milatho, anayamba kutsamwitsa polowera madzi a makina a magetsi ku Kafue Gorge, ndipo mu 1998 boma linalengeza kuti udzuwu ndi ngozi ya dziko. Anauvuula ndi makina ndi manja, anabweretsanso tianankafumbwe timene timadya udzu wokhawu. Ofufuza ataunika chimene chinkaunenepetsa analoza kumtunda: madzi otsika m'minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, a m'mafakitale a tauni ya Kafue, ndi zonyansa za m'matauni. Ku Malawi nkhondo yomweyi amaimenya pa Shire, kumene amatchinga udzu pa Liwonde kuti usakafike kumakina a magetsi a ku Nkula. Kuvuula kokha n'kumeta ndevu, mawa zameranso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 bungwe la WWF linagwirizana ndi kampani ya shuga ya ku Nakambala kuti madzi otayidwa azidutsa kaye m'madambo obzalidwa asanafike ku Kafue, zomerazo n'kumadulidwa kukalukira madengu. Ganizo limenelo ndi limene linagwira muzu wa vutoli.

Ndinafunsa msuweni ngati namasupuni yemweyo sangagwire ntchito yosefa, popeza ndi wadyera chotere. Anati kwina amamugwiritsa ntchito m'maiwe otsekedwa, koma iye sangalole. Mvula imodzi yamphamvu ikasefukira, kachidutswa kamodzi kakathawira mumtsinje, mwabzala tsoka, ndipo njere zake zimagona m'matope zaka zambiri. Bango, njedza ndi gumbwa ndi zathu, zili ndi mizu yogwira pansi, sizithawa. Anandikumbutsanso kuti dambo lili ndi malire ake. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi n'kutsikira mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba kufa, mzinda wa Kitwe kutsekeredwa madzi. Zoterozo bango silingaimitse. Amaimitsa ndi malamulo ndi anthu oopa malamulowo.

Pobwerera, minibasi ikukwera chitunda cha ku Chilanga, tinawerengera pa foni. Ku Ulaya dambo la miyala lija amaliwerengera masikweya mita pafupifupi 5 pa munthu mmodzi. Kuno kotentha mabakiteriya sagona chisanu, choncho malo amatha kuchepako. Koma titenge 5 yemweyo. Anthu 100,000 angafune mahekitala 50, mabwalo a mpira pafupifupi 70. Ku Chawama, kumene khoma la nyumba yako ndi khoma la bafa la mnzako, malo otere mungawapeze kuti? Amene angabwere kudzauza azakhali kuti bango lithetsa kolera m'komboni ndiye kuti sanaponde matope ake. Chawama chikufuna zimbudzi zomangidwa ndi simenti mpaka pansi, zosadontha, ndi anthu ozipopa zikadzaza, monga anayambira a Kanyama Water Trust mu 2013. Chikufuna ngalande ndi madzi a m'mipopi.

Malo a dambo lalikulu ndi kunja kwa mzinda, kumunsi kwa maiwe, m'mbali mwa Ngwerere ndi Chunga, ndi paliponse pamene ngalande ya munda waukulu kapena fakitale imalunjika ku Kafue. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti malo amenewo akutha. Ndinaona ndi maso anga ziboliboli za mapuloti zitakhomedwa m'malo a chinyontho, maziko a nyumba atakumbidwa madzi ali m'kati. Makina oyeretsera madzi mungagule chaka chilichonse ndalama zikapezeka, koma dambo likamangidwapo nyumba lapita. Makina amafunanso magetsi, ndipo chilala cha 2024 chinationetsa mmene magetsi amasowera madzi a ku Kariba akachepa. Madzi otsika okha m'bango sadikira magetsi. Ndikanakhala ndi mawu kukhonsolo ndikanapempha kuti malo a kumunsi kwa maiwe onse alembedwe lero, atchingidwe, ndipo olima madimba ndi oluka mphasa a komweko apatsidwe ntchito yomweta, n'kumathirira ndiwo zawo ndi madzi otuluka m'dambomo.

Msodzi uja anatipatsa mphatso tisananyamuke. Analowa m'madzi mpaka m'ntchafu, nazula mizu ya bango ndi ya njedza, naikulunga m'thumba la saka lonyowa. Tinafika nayo ku Chawama dzuwa litapendeka.

Kuseri kwa nyumba ya azakhali kuli bafa la malata, ndipo madzi osamba ndi ochapira ankatuluka pa kabowo n'kupanga chithaphwi chakuda chimene chinkatsetserekera m'njira ya anthu. Pamenepo pali kampata ka mapazi atatu m'lifupi, asanu ndi awiri m'litali. M'mawa mwake tinakumba, ine ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, mpaka khasu linagunda mwala. Msuweni anaumirira kuti pulasitiki ikhale iwiri, yopindikira m'mbali mpaka pamwamba, ndipo m'mphepete tikweze ndi njerwa kuti madzi osefukira a m'njira asalowemo. Popanda zimenezo, anati, tangokumba njira ina yotsitsira zoipa m'mwala. Miyala tinakagula kwa amayi aja a ku Ngwenya, mawilibala anayi. Polowera madzi tinaika chidebe chogwira mafuta ndi nyenyeswa za nsima. Za m'chimbudzi sizilowamo, ndi madzi a bafa ndi a mbale okha.

Azakhali anaonerera ntchito yonse atakhala pa mpando, manja ali pachibwano. Titabzala mizu ija anadzuka, nayang'ana timapesi tiwiri titatu totuluka m'miyala.

"Ndiye bango limeneli likakula, mwini wake ndani?"

"Ndinu, azakhali. Koma muzilidula chilimwe chilichonse, osalisiya liolere momwemo."

"Kudula ndidula. Amayi anandiphunzitsa kuluka mphasa iwe usanabadwe, bambo ako akadali kubusa."

Anatenga beseni la madzi otsukira mbale za m'mawa, nathira okha m'chidebe muja. Tinaima anthu anayi kuyang'ana madziwo akulowa m'miyala mpaka anazimiririka. Kumapeto kwa dzenje, pamene tinaika kapaipi kolozera pa phata la nthochi, sipanatuluke kanthu tsiku limenelo. Msuweni anati tidikire mizu igwire, mwina miyezi itatu, ndipo analonjeza kudzatenga madzi a polowa ndi a potuluka m'mabotolo awiri kukayeza kusukulu kwawo. Ine basi ya ku Katete inali kundidikira ku Intercity. Ndinavula nsapato, ndinadumpha kakhoma ka pakhomo, n'kuyamba kuponda njerwa zija kulowera kumsewu, kumwamba kukuchita mdima cha ku Kafue.